Thukuta la Bongololo

Chipale chinayamba kugwa Lachiwiri, ndipo Lachitatu m'mawa mzinda wonse wa Leicester, ku Mangalande, unali utayera mbee, uli zii ngati anthu asamuka. Nesale ya Chanda, mwana wa Justus, inatseka. Basi yotenga a shifiti kupita ku Corby, komwe Justus ankapakira katundu, sinabwere. Koma ntchito ya mkazi wake Sheila sinkatseka, paja wodwala amasamba kaya kunja kuli bwanji.

"Musiye mwana, nili panyumba ine," anatero Justus m'Chinyanja chake cha ku Kitwe.

Sheila anachita ngati sanamve. Anabereka mwanayo, n'kuvala chijekete cha mwamuna wake pamwamba, nayamba kuponda chipale kuchokera kwawo ku Highfields kupita kuntchito ku Evington. Akadutsa mapolo atatu a magetsi ankaima, n'kupisa dzanja kumbuyo kuti amve ngati mwana akupuma. Chanda anabadwa miyezi isanakwane, anagona masabata asanu m'kabokosi ka galasi kuchipatala, ndipo nesi wina anauza Sheila mawu omwe sanamuchokenso m'mutu: ana oterewa akasiya kupuma salira. Tsopano mwanayo anali ndi miyezi khumi ndi umodzi, wa masaya ofufuma, katswiri wakuba masipuni, koma dzanja la mayi ake linali lisanamvebe zimenezo.

Wodwala wake anali Anti Zarina, mayi wachimwenye wobadwira ku Limbe. Sitiroko inawagwira chaka chathacho, inapha dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kusesa Chingerezi chonse chomwe anatola m'zaka makumi anayi za ku Mangalande. Chomwe chinatsala chinali Chigujarati cha apo ndi apo ndi Chichewa cha paubwana, mawu awiri kapena atatu nthawi imodzi. N'chifukwa chake amuna awo, Ankolo Rehmat, anafunafuna mpaka anapeza mtsikana wa ku Ndirande.

Atawasambitsa ndi kuwapesa, Sheila anakankhira wilitcheya pawindo. Anti anayang'ana kunja nthawi yaitali.

"Bongololo," anatero.

Sheila analumpha n'kunyamula Chanda pakapeti. "Ali pati, Anti?"

"Ndikwere. Bongololo."

Pakhomo panamveka makapu akugundana. Anali Ankolo, thireyi ya tiyi ili m'manja. Manja awo ankanjenjemera masiku onse, matenda a ukalamba, koma tsiku limenelo tiyi anatayikira mpaka pa masokosi.

"Mwati chani, Zarina?"

Anti sanabwereze. Anangoloza chipale ndi dzanja lawo lamanzere, lamoyolo.

Sheila ankamudziwa Bongololo pachithunzi cha m'khonde. Kanali kagalimoto kofiira ka ku Sweden, kopangidwa iye asanabadwe, bambo ake ali mnyamata. Kanalibe matayala ngati galimoto zina. Kankayenda pa malamba awiri a mphira okhala ndi mano achitsulo, ngati katapila, ndipo kanapangidwira chipale basi. Ankolo ankakasunga m'shedi ya mzungu wina wa famu kufupi ndi Tilton, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse ankapita kukaliza injini. Dzina la Bongololo anapereka ndi Anti, monyoza. M'zaka zonsezo anali asanapondemo phazi.

Ankolo anaimbira foni mwini famu nthawi yomweyo, ataimirira, tiyi akudontha. Lachinayi madzulo mzunguyo anafika pa galimoto yake yaitali matayala, nkhope ili yogwa, atanyamula thumba la chakudya cha nkhosa. Anati anamutulutsa Bongololo kuti amuyese, koma pachipata anagunda mwala womwe unabisala m'chipale. Anakhuthula thumbalo patebulo la m'galaja. Munatuluka zidutswa ziwiri za chitsulo chotuwa cha aluminiyamu, chomwe chikakhala chathunthu chimafanana ndi mbale yakuya yokhala ndi makutu. N'chimene chimagwira gudumu lokoka lamba wakumanzere. Popanda icho Bongololo sangasunthe, ndipo china chonga icho sichinkagulitsidwanso kulikonse.

Ankolo anali makaniko kuyambira ku Limbe, makina owotcherera anali nawo m'galajamo, koma anayang'ana manja awo n'kuwabisa m'matumba.

"Sheila, mwana wanga, paja unati amuna ako ankawotcherera ku migodi?"

Justus anabwera Lachisanu m'mawa atavala ovolosi yomwe inali m'sutikesi zaka zisanu. Inkamuthina pamimba, koma munthuyo ankayenda ngati waitanidwa ku ukwati.

"Ba Ankolo, iyi ni nchito ya teni minitsi chabe. Ku Kitwe tinali kulumikiza vinthu vikulu kuchila galaja ino."

"Pa wailesi akuti Lamlungu kutentha," anatero Ankolo. "Chipale cha kuno n'chamanyazi, sichikhalitsa."

"Mailo muzakwera, nalumbira," anatero Justus, kutanthauza mawa.

Sheila anaima pakhomo la galaja atafulatira, chikhatho chili pamaso pa mwana. Anamva moto ukulira ngati mavu, kenako kuthetheka, kenako Justus akutukwana motsitsa. Atazimitsa, onse anawerama. Pomwe panayenera kukhala mzere wosalala panali tithovu takuda, tiziboo ngati chisa cha chiswe. Ankolo anagogoda kamodzi ndi sipanala, zidutswa n'kulekana. Ndipo m'mbali mwa mng'alu munali mutadyeka, mpata unakula.

"Nibwezepo," anatero Justus, mawu atachepa.

"Ukabwereza kawiri sipatsala chogwira," anayankha Ankolo.

Sheila sankamva za iwo. Fungo ndi lomwe linamugwira, fungo la oilo wakale akupsa m'kati mwa chitsulo. Linamutengera kuseri kwa msika wa Ndirande, m'kashedi komwe malemu bambo ake ankasungunula zitsulo za mainjini akufa n'kuumba mapoto pamchenga. Madalaivala a minibasi ankawabweretseranso magiyabokosi ong'aluka. Iyeyo, mwana woyamba, ntchito yake akaweruka kusukulu inali kupukusa gudumu la njinga lopemerera makala, ndi kuyang'ana.

"Chamwa oilo," anatero, osadziwa kuti wayankhula mokweza.

"Wati bwanji, amake Chanda?"

Amuna awiriwo anatembenuka, ndipo iye analakalaka atameza mawu akewo. Koma anapitiriza, maso ali pa simenti.

"Chitsulo choumba chonchi chimakhala ndi tiziboo tosaoneka. Chakhala chikumwa oilo zaka zonsezi. Mukachiotcha, oiloyo amatuluka n'kulowa m'chowotchereracho. Adadi ankayamba achitulutsa thukuta. Kuchitenthetsa pang'onopang'ono, kupukuta, kutenthetsanso, mpaka kansalu koyera kabwere koyera."

"Masiku angati?" anafunsa Ankolo.

"Awiri. Pena atatu."

Kenako Justus anakanda m'mutu. "Manje makala tizayapeza kuti mu sinowo muno?"

"Uvuni ungachite bwino kuposa makala," anatero Sheila. "Umatenthetsa mofanana mbali zonse."

"Ayi." Ankolo anayankha msanga. "Uvuni ayi."

Sheila ankadziwa chifukwa chake. Uvuni wa m'khitchini unali wa Anti, ndipo chigwereni sitiroko palibe anautsekula. Ankolo ankaphika pa mbaula pamwamba, kutenthetsa zina mu maikulowevu, koma chitseko cha pansicho ankangochipukuta kunja Loweruka lililonse. M'kati munali mathireyi a mabisiketi momwe mwini wake anawasiyira.

Kunamveka sipuni ikugogoda pa chitsulo cha wilitcheya, ngo ngo ngo. Chitseko cha pakati pa galaja ndi khonde chinali chotsekula, ndipo makutu a Anti sitiroko sinawakhudze. Onse atatu anapita pabalaza ngati ana oitanidwa ndi ahedi.

"Yatsani," anatero Anti.

"Zarina, ndi oilo wa giya. Adzanunkha mpaka..."

"Thireyi yakale. Pakati."

Ndiye Bongololo analowa mu uvuni pa thireyi yakale, pa shelefu ya pakati. Asanalowe, Justus anachotsa zakuda zonse zomwe anawotcherera zija, n'kusema m'mbali mwa mng'alu ndi tupa kuti pakhale kangalande kolandira chitsulo chatsopano. Patatha ola limodzi anatulutsa thireyi ndi magolovesi a Anti a maluwa. Zidutswa zinali zitanyowa, timadontho takuda tikutuluka m'chitsulo chouma ngati thukuta pamphuno ya munthu.

"Taonani," anatero Ankolo, akuseka mosafuna. "Paja amati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Uyu wakhala akudzolera kuseri zaka fifite."

Utsi wake sunali wamasewera. Kabelu kochenjeza za moto kanalira kawiri. Sheila anatsekula mawindo a khitchini, anasamutsira Anti ndi Chanda kuchipinda cha kutsogolo, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thawulo lonyowa. Ankapita kukapukuta zitsulo, kusamba m'manja kawiri, kuthamangira kukaika khutu pamphuno ya mwana, kubwereranso. Zikazizira pang'ono ankazitsuka ndi mankhwala onunkha ngati ochotsera penti ya m'zikhadabo, kuzikwecha ndi bulashi yatsopano ya waya, n'kuzibweza pamoto.

Masana a Lachisanulo, Justus atapita kukasaka waya wina wowotcherera, Sheila anatsala ndi Ankolo m'khitchini. Anakhala atavala majekete, akuyang'ana kagalasi ka uvuni ngati pali filimu.

"Ukudabwa kuti nkhalamba yapenga," anatero Ankolo.

"Ayi, Ankolo."

"Ukudabwa. Nkhope yako siibisa." Anapitiriza, maso ali pa uvuni. "Tinali ndi kagolosale m'mudzi wina panjira ya ku Corby. Disembala wa 1990. Chipale chinagwa choposa ichi, mawaya a magetsi anaduka. Zarina anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, matenda n'kuyamba. Ndinamukweza m'vani. Tinayenda mailosi awiri, vani n'kutitimira. Ndinakumba ndi fosholo, fosholo inathyoka, ndinakumba ndi manja. Ambulasi inatipeza patatha maola sikisi, nayonso yochita kukokedwa ndi thirakitala." Anapukuta magalasi awo ndi mpango. "Anali mtsikana. Tinamutcha Rukhsar. Sanalire."

Dzanja la Sheila linapita lokha kumbuyo, komwe kunalibe mwana.

"Chaka chotsatira ndinaona kagalimotoka pa okushoni ya mafamu. Ndinati sizidzachitikanso. Zarina atakaona anati, wagula bongololo woti atani, mwana anapita kale? Sanakatchulenso, kupatula pondinena. Ndipo chipale chotere sichinabwerenso." Anaseka pang'ono. "Zaka twente-seveni ndikuliza injini, kudikira ulendo womwe unadutsa kale. Lero akuti ndikwere. Ukuona chifukwa chake ndilibe masiku atatu?"

Sheila anangogwedeza mutu. Belu la uvuni linalira, ndipo anadzuka kukavala magolovesi.

Loweruka masana kunayamba kumveka kudontha. Dontho limodzi kuchokera padenga la galaja, kugwera pa chivundikiro cha bini, tho, tho, tho. Msewu womwe unali woyera unayamba kuonetsa mizere iwiri yakuda. Ankolo ankapita pawindo, kubwerera, kupitanso. Zitsulo zinali zitalowa mu uvuni kasanu ndi kawiri, ndipo thukuta lakuda linali litasiya.

"Chauma," anatero. "Justus, yatsa makina. Tikawotcherera pano, mawa m'mawa tili ku famu."

Justus anayang'ana mkazi wake. Sheila anatenga tishu yoyera, anainyowetsa ndi mankhwala aja n'kuidinikiza m'kangalande ka mng'alu. Ataichotsa, panali kabanga kachikasu, kochepa ngati kambewu ka mpiru.

"Sichinathe, Ankolo."

"Kameneko? Ndi fumbi limenelo."

"Ndi oilo."

"Sheila, ndagwira zitsulo iwe usanabadwe."

Sheila anali asanatsutsepo munthu wamkulu chibadwire, ndiye uyu anali mwini nyumba yomwe ankagwiramo ntchito, munthu yemwe anamulola kubwera ndi mwana popanda kudandaula ngakhale tsiku limodzi. Ndiponso akanakhala kuti walakwa? Chipale chikanasungunuka chifukwa cha kabanga ka pa tishu, chifukwa cha mantha a mtsikana yemwe amadzutsa mwana wogona kuti aone ngati ali moyo. Justus ankamunena masiku onse kuti amaona njoka pa chingwe chilichonse.

"Mukawotcherera lero chikhoza kugwira," anatero Sheila. "Koma chikhoza kudzathyoka Anti ali m'kati, pakati pa munda. Ndipo sipadzakhalanso chowotcherera."

Ngo ngo ngo.

Anawakankhira Anti m'khitchini, koyamba chichokereni kuchipatala. Anayang'ana mashelefu awo, mabotolo awo a zokometsera, uvuni wawo womwe tsopano unkanunkha ngati depoti ya mabasi. Kenako anatambasula dzanja lamanzere. Sheila anawapatsa tishu ija. Anaiyang'ana pafupi, anainunkhiza, monga momwe ankachitira ndi kamtengo kobayira keke.

"Sichinapse," anatero.

"Zarina, chipale chikutha."

"Sichinapse. Bwezani."

Ankolo anaima pamenepo. Kenako anatenga okha magolovesi a maluwa aja, ndipo Justus anawagwirira mbali ina ya thireyi kuti isagwe.

Lamlungu kunacha ndi mvula. Sheila anaimva ikugunda pawindo ali pabedi. Kutchalitchi sanapite. Atafika ku Evington anapeza Ankolo atayatsa kale uvuni, osanena kanthu za nyengo, osayang'ananso pawindo. Tishu ya ulendo wachikhumi ndi chimodzi inabwera yoyera. Sheila anayesa ina, n'kuyesanso ina.

"Amake Chanda, uzasiliza tishu ya bene," anatero Justus.

"Chapsa," anatero Sheila.

Anapempha sopo wochapira wamtanda. Ankolo anapeza chidutswa chouma pansi pa sinki. Zitsulo zikadali zotentha, atazimanga pamodzi ndi zopanira, iye anajambula mizere iwiri ya sopo m'mbali mwa mng'alu, motalikira chala chimodzi.

"Ni mankhwala ya ku Ndirande aya?" anafunsa Justus.

"Chitsulo wamba chimafiira, chimakuuzani kuti ndatentha. Aluminiyamu safiira. Amangokhala phee, wotuwa, kenako mwadzidzimuka wagwa ngati phala. Ndiye Adadi ankayang'ana sopo. Akayamba kuoneka ngati tiyi, mumaima." Anatembenukira kwa Justus. "Inu muziyang'ana moto. Sopo ndiyang'ana ine."

Apo m'pamene anazindikira kuti woyang'ana sopo ayenera kuvala chigoba chakumaso, ndipo mwana sangakhale m'galaja. Anti anali ndi dzanja limodzi. Panatsala munthu mmodzi yekha, yemwe m'miyezi yonseyi Sheila ankapeza njira zaulemu zoti asamunyamule Chanda.

Ankolo anamvetsa asanauzidwe. Anapita pabalaza, anatsika movutikira mpaka anakhala pakapeti, msana atatsamira sofa, n'kutambasula miyendo.

"Apa ngakhale ndimugwetse, agwa kuchokera pati?"

Sheila anamuika mwanayo pamiyendo pawo. Manja onjenjemera aja anamuzungulira, ndipo Chanda, poganiza kuti akumuvinitsa, anaseka n'kugwira ndevu. Anti ankayang'ana ali pa wilitcheya, osaphethira.

M'chigoba munali mdima wa bii, ndipo Sheila ankangomva kupuma kwake komwe. Kenako moto unayaka, dziko lonse n'kusanduka kadziwe kakang'ono ka chitsulo chosungunuka, kowala, koyera ngati ndalama yatsopano, kopanda thovu ngakhale limodzi. Anamva Justus akutulutsa mpweya. Dzanja la mwamuna wake, lomwe kwa zaka zisanu linkangonyamula makatoni, linkayenda pang'onopang'ono, waya ukulowa, kutuluka, kulowa. Anali ataiwala kuti munthuyu ali ndi dzanja lotere.

Ankawotcherera kachigawo kotalika ngati chala, n'kuzimitsa, iye n'kukweza chigoba kuyang'ana sopo. Kawiri konse anamva ngati mwana walira, miyendo n'kufuna kuthamanga, koma anaikanikiza pansi. Pa kachigawo kachinayi mzere wa sopo wakumanja unasintha, pang'ono zedi, ngati tiyi wothira mkaka wambiri.

"Imani."

"Kasala kang'ono chabe, nisilize..."

"A Justus, imani."

Justus anaika totchi yowotcherera pansi n'kukweza manja. "Foromani akamba."

Anadikira. Mvula inkagunda pa malata. Atayambanso, anayambira mbali ina, ndipo anaima kasanu konse asanamalize. Pomaliza mzere unali utagona bwinobwino, timamba tosanjikizana ngati ta nsomba. Sanaugogode. Anabweza chitsulocho mu uvuni wotentha, anazimitsa, n'kutseka chitseko kuti chizizire chokha mpaka m'mawa, chisadzidzimuke ndi mphepo.

Sheila anathamangira pabalaza. Chanda anali atagona pachifuwa pa Ankolo, kukamwa kuli yasa. Ankolo anaika chala pamilomo.

"Akupuma," ananong'ona. "Ndakhala ndikuwerenga."

Lolemba Justus anasinthana shifiti ndi mnzake, n'kuyendetsa galimoto ya Ankolo yokhala ndi pokwezera wilitcheya. Misewu inali yakuda, yonyowa. Atatuluka mumzinda, minda inali yobiriwira ndi yofiirira, madzi ali m'makwawa, nkhosa zikudya ngati sikunagwe kanthu. Chitsulo chinali pamiyendo pa Ankolo, chokulungidwa m'thawulo. Sheila ankayang'ana munda uliwonse, kufunafuna choyera, ndipo ankangoona mapepala apulasitiki okodwa m'minga. Ankafuna kupepesa, koma sankadziwa ayambire pati.

Mwini famu anawalandira atavala mabuti a matope. Ankolo atamufunsa ngati patsala chipale, anangowakodola kuti amutsatire kuseri kwa shedi. Kumeneko munda unkatsetsereka kufulatira dzuwa, ndipo m'mbali mwa mpanda wa zitsamba mphepo ya sabata ija inali itaunjika chipale chofika m'chiuno. Chinali chitaphwa, chitada ndi fumbi ndi mapazi a nkhosa, koma chinalipo: kamzere kotambalala ngati mphasa ziwiri, kotalika ngati bwalo la mpira, kothera pa geti yachitsulo.

"N'chochepa," anatero Ankolo.

"N'chipale," anatero Sheila.

Kumanga chitsulo ndi kubwezera lamba kunatenga mpaka dzuwa pamutu. Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Justus ndi mwini famu anawanyamula Anti kudzera pa kachitseko ka kumbuyo n'kuwakhazika pa benchi, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala. Sheila anamasula Chanda, anamupereka kwa bambo ake, n'kukwera kuti awachirikize Anti mbali yakufayo. Ankolo anakhala pa chiwongolero. Manja awo ankagwedeza chiwongolerocho ngati akusefa ufa.

Bongololo ananyamuka ndi kugwedezeka, mano a malamba akuluma chipale. Phokoso linali losaneneka, m'kati monse mukununkha petulo ndi ubweya wa nkhosa. Sheila anatchera khutu kumanzere, pansi, komwe kunali mzere wa Justus, kudikira kulira kwa chitsulo chothyoka. Sikunabwere. Zitsamba zinkadutsa pawindo pang'onopang'ono, liwiro la munthu wopita kumunda.

Anti sankayang'ana pawindo. Ankayang'ana kumbuyo kwa mutu wa amuna awo, pomwe chipewa choyera chinathera, khosi lokwinyika likutuluka thukuta m'kuzizira konseko. Anakweza dzanja lawo lamanzere n'kuliika paphewa la Ankolo. Phewalo linanjenjemerabe, koma dzanja silinachoke.

Chipale chinayamba kupyapyala, udzu n'kumaonekera, kenako matope. Ankolo anaimitsa mphuno ya galimoto itatsala pang'ono kugunda geti. Kutsogolo kunalibe kanthu, munda wolimidwa basi ndi akhwangwala awiri.

"Chathera pano, Zarina," anakuwa kuti amveke pa phokosolo. "Pepa. Ndibwerere chambuyo, tiyambirenso?"

Anti anawerama mpaka pakamwa pawo panafika pafupi ndi khutu la amuna awo. Sheila anawagwira m'chiuno kuti asagwe, ndipo anamva mawuwo akutuluka limodzilimodzi, movutikira, koma athunthu.

"Tafika, Rehmat. Zimitsa."

Ankolo anakhala osasuntha. Kenako anatambasula dzanja n'kupotokola kiyi. Phokoso linatha, ndipo kunamveka madzi akudontha m'zitsamba, ndi chitsulo chotentha chikuthetheka pang'onopang'ono pozizira. Anagwira dzanja lomwe linali paphewa pawo, analibweretsa pa tsaya, n'kukhala choncho, mapewa akugwedera mwa mtundu wina.

Sheila anayang'ana kumbali kuti awapatse malo. Pa kawindo ka kumbuyo anaona Justus akubwera m'mphepete mwa mizere iwiri ya malamba, akuterereka m'matope, Chanda ali pakhosi pake atagwira makutu a bambo ake ngati chiwongolero. Chipewa cha mwanayo chinali chitapendekeka, khutu limodzi lili pamphepo. Sheila analiona khutulo. Anatsekula pakamwa kuti akuwe, n'kutsekanso, chifukwa Anti anali atatsamira pa iye ndi thupi lawo lonse, ndipo sinali nthawi yoti munthu asunthe.